Lipoti la ulendo wa ku Crufts: mmene amakonzera galu wa ulenje asanalowe m'bwalo

Gulu lathu la a Malawi amene timagwira ntchito yosambitsa ndi kumeta agalu kuno ku England linapita ku Birmingham m'mwezi wa Malichi kukaona chionetsero cha Crufts. Chionetserochi anachiyambitsa ndi Charles Cruft mu 1891, ndipo kuyambira 1991 chimachitikira ku NEC, malo aakulu ochitira zionetsero, moyandikana ndi siteshoni ya Birmingham International, moti ukatsika sitima umangoyenda wapansi. Chimatenga masiku anayi, agalu amawagawa m'magulu 7, ndipo ife tinasankha tsiku la Gundog, agalu otsagana ndi mlenje wa mfuti. Koma zambiri zimene zili mu lipotili tinaziphunzira tisanafike ku NEC, kwa mayi wina woweta ma English Springer Spaniel amene anatilola kuzungulira tebulo lawo pamene ankakonza galu wokapikisana.

Ntchito ya Springer ndi kulowa m'zitsamba, kuvumbulutsa mbalame kuti mlenje awombere, kenako kukatola. N'chifukwa chake ubweya wake wa pamsana umayenera kukhala wogona, wowongoka, wothina moti mvula imangotsetsereka osafika pakhungu. Wokonza galu ntchito yake ndi kusunga ubweya umenewu ndi kuonetsa thupi la galuyo mmene lilili. Zina zonse zimachokera pamenepa.

Chimene chinatidabwitsa ambiri n'chakuti patebulopo makina ometera sanafike pamsana ngakhale pang'ono. Ife ku ntchito ndi makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kwa galu wa pakhomo palibe cholakwa. Kwa galu wa chionetsero ndi kuononga. Springer ali ndi ubweya wa mitundu iwiri: wapamwamba wolimba ndi wonyezimira, ndi wa pansi wofewa. Makina amadula zonse pamodzi, ubweya wakufa n'kutsalira m'khungu, ndipo pomera umatuluka wa pansi uja, wotuwa ndi wopotanapotana. Galu wa mtundu wa khofi ndiye amaonekeratu, msana wake umasuluka ngati malaya oiwalika padzuwa. Kuti ubwerere mwakale pamatenga miyezi yambiri, ndipo kwa agalu ena sukhalanso bwino mpaka kalekale. Galu wofulidwa nayenso ubweya wake umakonda kufewa ndi kufufuma chotere, ngakhale makina asanamukhudze.

M'malo mwa makina amazula ndi zala. Dzanja lamanzere limakoka khungu pang'ono kuti lisatsatire ubweya, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja zimatsina tiubweya tochepa kumapeto kwake n'kukoka motsata kumene ubweyawo wagonera. Wakufa umatuluka wokha ndipo galu satekeseka. Amene tinamuonayo anangotsamiritsa chibwano pamkono wa amayiwo. Ukaona galu akudzidzimuka ndiye kuti watsina wambiri nthawi imodzi kapena ukukoka wamoyo. Ubweya wakufa umadziwika: umaimirira, ndi wosuluka, ndipo umakonda kuchuluka pamwamba pa mutu, m'mapewa ndi m'ntchafu. Kuti zala zisaterereke amavala timphira ta kuzala, ndipo amazula galu asanasambe chifukwa ubweya wosamba kumene umateleza. Anationetsanso chipeso cha mano othina chimene analukamo kamphira komangira ndalama. Ukachipititsa pamsana chimakoka ubweya wa pansi wakufa popanda kudula wapamwamba. Chida chotchipa chonchi, koma n'chimene amachigwiritsa ntchito kwambiri. Mpeni wozulira uliponso, koma uyenera kukhala wobuntha. Wakuthwa umadula m'malo mozula, zotsatira zake n'zofanana ndi za makina.

Ntchito imeneyi si ya tsiku limodzi. Amazula pang'onopang'ono sabata iliyonse chaka chonse, ndipo kumeta kwakukulu kwa sizasi kumachitika patatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti zipsera za sizasi zikwiririke. Amene amadikira mpaka dzulo lake amalowa m'bwalo ndi galu wa mizeremizere m'khosi.

Sizasi amagwiritsa ntchito mitundu iwiri, yowongoka ndi ya mano yochepetsera ubweya. Ya manoyo ndi ya khutu, khosi ndi mapewa. Gawo limodzi mwa magawo atatu a khutu, kuyambira pamene lalumikizana ndi mutu, amalichepetsa mpaka ligone, kuti khutu lioneke kuti layambira m'munsi, molingana ndi diso. Ubweya wautali wa kumapeto amausiya. Kunsi kwa khutu amachotsa kuti mpweya uzilowa, chifukwa khutu lolendewera limasunga chinyezi ndipo silichedwa kununkha ndi kutukusira. Kenako amatsika pammero mpaka pafupa la pachifuwa, ndipo pamenepo amaima: ubweya wa pachifuwa umatsala. Kagwiridwe kake n'kofunika. Sizasi imalowa pansi pa ubweya, italoza motsata kagonedwe kake, umadula kamodzi kapena kawiri, n'kupesa, n'kubwerera m'mbuyo kuti uone. Ukaigwira chopingasa imasiya masitepe. Malo ovuta kwambiri ndi pamene khosi limakumana ndi phewa. Ukasiya ubweya wambiri, galu amaoneka wa khosi lalifupi ndi mapewa olemera. Ukachotsa wambiri pamakhala dzenje limene palibe chingalikwirire tsiku lisanafike.

Mapazi amadya nthawi kuposa mmene munthu angaganizire. Phazi la Springer liyenera kuoneka lobulungira ndi lothina. Amayamba ndi zikhadabo, chifukwa zikatalika zala zimatambasuka ndipo sizasi singakonze zimenezo. Amadula pang'ono sabata iliyonse kuti mtsempha wa m'kati uzibwerera m'mbuyo. Ukadula kwambiri kamodzi magazi amatuluka ndipo galu amatsimphina. Akatero amameta ubweya wa kunsi kwa phazi kuti ulingane ndi zipondero, n'kupesa wa pakati pa zala kuukwezera m'mwamba ndi kudula wokhawo umene watulukira. Osakumba pakati pa zala, phazi limaoneka lotseguka. Pamenepa mpamene amafufuzanso njere za udzu, zimene zimaboola khungu n'kuyambitsa chithupsa kwa galu woyenda m'tchire. Ku miyendo ya kumbuyo, kuyambira pa mfundo ya chitendene kutsika, amachepetsa ubweya koma osameta mpala, kuti fupa lisaoneke lowonda.

Kusamba kumabwera pomalizira, patatsala tsiku limodzi kapena awiri, kuti mafuta a chibadwa abwerere ndipo ubweya ugone. Mfundo zonse za ubweya m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi pakati pa miyendo amazimasula kaye, chifukwa zikanyowa zimathina. Shampu amasungunula m'madzi ofunda, amasisita motsata ubweya osati mozungulira, ndipo amatsukuluza mpaka madzi atayera. Shampu wotsalira amatuwitsa ubweya ndi kuyabwa. Popukuta amafinya ndi thaulo osapekesa. Mpweya woumitsira umachokera ku mutu kulowera ku mchira, bulashi ikutsatira, ndipo msana ukatsala pang'ono kuuma amaufunditsa thaulo lomangidwa pansi pa khosi ndi pamimba kuti uumire pomwepo uli chigonere. Galu akapita kukagona ali wonyowa amadzuka ndi mafunde mbali imene anagonera. Pa chakudya amamuveka kansalu kokweza makutu kuti asavivike m'mbale.

Titafika ku NEC tinapeza kuti patsikulo palibenso ntchito yaikulu. Eni agalu anali ndi bulashi, chipeso, thaulo ndi madzi opukutira mapazi basi. Malamulo a Kennel Club, bungwe lokonza Crufts lomwe linakhazikitsidwa mu 1873, salola kuti mu ubweya mukhale chinthu chosintha mtundu wake kapena mmene umamvekera ukaugwira. Tinaima pafupi ndi bwalo la ma Springer kuti tione manja a woweruza. Amayang'ana mano ngati apamwamba akuphimba pang'ono apansi, kenako manja amayenda pakhosi, m'mapewa, m'nthiti, m'chiuno mpaka ntchafu, ndiyeno galu amathamanga. Ubweya wosiyidwa dala kuti ubise phewa loimirira amaupeza pomwepo, ndipo galu wopanda minofu amadziwika akangotembenuka pakona. Pa mfundo imeneyi ine ndikugwirizana ndi amayi aja kwathunthu: galu amene sathamanga kuthengo, ngakhale umukonze motani, sangaoneke ngati wa ulenje.

Ena a ife tinafunsa chifukwa chake agalu a m'mabwalowa anali ndi michira yonse. Kudula mchira kunaletsedwa ku England kuyambira 2007 pansi pa lamulo la Animal Welfare Act la 2006. Galu wogwiradi ntchito ya ulenje dokotala wa ziweto angamudule, koma sangapikisane m'bwalo la maonekedwe pa chionetsero chimene anthu amalipira polowa. Choncho mchira nawonso tsopano umafuna kukonza: kuzula pamwamba, kuchepetsa kunsi pafupi ndi thako, ndi kusalaza ubweya wolendewera kuti uzichepa polowera kunsonga.

Tinaphunziranso kusiyana kwa maudindo olembedwa kutsogolo kwa maina a agalu. Galu wa Gundog akapambana ma Challenge Certificate (satifiketi yoperekedwa kwa galu woposa anzake a mtundu wake pa chionetsero) atatu kwa oweruza atatu osiyana amatchedwa Show Champion. Kuti akhale Champion wathunthu ayenera kukaonetsanso kuthengo kuti saopa mfuti, amasaka ndipo amatola.

Pobwerera tinagwirizana kuti aliyense, mwini Spaniel akabwera naye kuti ametedwe, azimufunsa kaye ngati galuyo amapita ku zionetsero kapena ngati anametedwapo ndi makina, asanatenge chida chilichonse. Amene ali ndi galu woti tiphunzirirepo kuzula ndi zala auze mlembi tisanakumanenso, ndipo galuyo abwere asanasambe.