Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Nyumba ya kuseri kwa nkhokwe yathu

M'gawo lapita ndinalekezera pamene bambo anabwera kuchokera ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, mu 1970, atanyamula sutikesi yachitsulo, bulangete ziwiri ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndinalonjeza kuti lero ndikamba za sukulu, koma mundikhululukire, sukuluyo iyambe yadikira. Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ku Dedza kukazonda a malume, amene maso awo ayamba kuchita chidima, ndipo zimene tinacheza pakhonde pawo zakana kundichoka mumtima.

Ndinawapeza akuwothera dzuwa atafunda chikhotho, poti kwathu kukafika Juni chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Nditawapatsa shuga, mchere ndi sopo, anafunsa mtengo wa chilichonse, monga amachitira nthawi zonse. Nditatchula, anagwira pakamwa.

"Mphwanga, dziko latha ili. Nthawi ya Kamuzu ndalama imeneyi ndikanakokera mbuzi kunyumba."

Sindinawatsutse, chifukwa nanenso nthawi ija ndimailakalaka, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinabadwa mu 1963. Kwacha itabwera mu 1971 kudzalowa m'malo mwa paundi, agogo anapitirizabe kuwerenga m'mashereni, 10 tambala n'kumati shereni imodzi, ndipo ndi shereni imodziyo mwana unkabwera kugolosale manja onse ali ndi kanthu. Pakhomo pathu panali nkhokwe ziwiri, ina ya chimanga, ina yaing'ono ya mtedza. Chimanga chake chinali chamakolo, cholimba, choti anankafumbwe sachiwononga msanga, ndipo amayi akachikonola mumtondo mphale yake inkatuluka yambiri. Nyemba ndi mtedza zotsala tinkapita nazo ku ADMARC, kumene kunali sikelo yopachika ndi kalaliki wolemba lisiti. Mlangizi wa zaulimi ankabwera pa njinga kudzaona mizere, ndipo wa zaumoyo ankazungulira nyumba ndi nyumba kufuna chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale.

Koma zimene ndimazisowa kwenikweni si za boma ayi. Ndimasowa dima. Munthu akachepekedwa manja kumunda ankangofulula thobwa kapena mowa, mudzi wonse n'kubwera ndi makasu, dzuwa lisanafike pamutu ndime yatha. Ndimasowa chidyerano, pamene amuna ankadyera pamodzi pabwalo, mbale zikuchokera m'nyumba zosiyanasiyana, iyi mkhwani wotendera, iyi mfutso, iyi mbewa, ndipo mwana wamasiye sankadziwika kuti ndi uti. Kuseri kwa mudzi kunali nkhalango yamasuku ndi mitsamba yamitundumitundu. Mvula yoyamba ikagwa tinkathamangira ngumbi, kenako bowa, ndipo kamtsinje kathu sikankaphwa ngakhale mu Okutobala. Lero nkhalangoyo inapita m'matumba a makala, kamtsinjeko ndi mchenga wokhawokha, ndipo munda umene agogo ankalima okha tagawana mabanja asanu ndi limodzi. Kalembera wa 1977 anapeza anthu 5.5 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pa nthaka yomwe ija. A malume akamadandaula sakunama.

Tili mkati mocheza, maso anga anagwera kuseri kwa pamene panali nkhokwe yathu yaikulu. Pali mtengo wapichesi wokalamba, ndipo pansi pake pamalimidwa kachewere tsopano. Ndinafunsa:

"A malume, nanga a pamene paja mumawakumbuka?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita bondo.

Pamalo amenewo panali nyumba ya banja lina la Mboni za Yehova. Mwana wawo wachiwiri anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Tinkadyetsera limodzi mbuzi, tinkaumba ng'ombe zadothi kudambo, ndipo iye ndi amene anandiphunzitsa kupinda mawaya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chachitali. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa. Mpando umene a malume anakhalira tsiku limenelo anakhoma ndi iwowo. Chipembedzo chawo chinali chitaletsedwa mu 1967, ndipo mlandu wawo waukulu unali wokana kugula khadi la chipani. Achinyamata a lero sangamvetse kuti kakhadi kaja kanali chiyani. Popanda iko sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Amayi ankasunga makhadi athu m'kachitini ka tiyi pamodzi ndi makhadi a kusikelo ya ana.

Mu 1972, ndili ndi zaka 9, usiku wina tinadzidzimuka ndi phokoso la anthu ndi kulira kwa mbuzi. Kuwala kunkalowa m'ming'alu ya chitseko ngati kwacha. Ndinafuna kutuluka koma amayi anandikoka mwendo n'kundikanikiza pamphasa, dzanja lawo lili pakamwa panga. Ndimakumbuka kuti dzanjalo linkanjenjemera ndipo linkanunkha utsi wa kukhitchini. Bambo anaima kuseri kwa chitseko osatsegula. Ena mwa mawu amene ankamveka panja ndinkawadziwa, anali a anthu amene tinkadya nawo pabwalo lomwe lija.

Kutacha panali phulusa, mafuwa atatu ndi mbiya yosweka. Ng'ombe zathu zadothi, zimene tinaziika pakhonde kuti ziume, zinali zitapsa n'kufiira ngati njerwa. Ndinatola imodzi. Banjalo linali litathawa usiku womwewo kulowera ku Mozambique, poti kwathu malire ali pafupi, monga anachitira anzawo masauzande ambiri chaka chimenecho, ena ku Zambia. Amayi anandiitanira kuseri n'kunena motsitsa mawu:

"Mwanawe, zimene wamva usiku usakanene kusukulu, ngakhale kwa aphunzitsi. Ukafunsidwa uziti unali mtulo."

Ndinamvera. Tonse tinamvera. Kusukulu tinapitiriza kutchula nsanamira zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo pamalo pamene mnzanga ankakhala anangosunthirapo mwana wina. Palibe anatchula dzina lake. Ndakula ndi chizolowezi chotsitsa mawu ndikamakamba za boma, moti ana anga amandifunsa chifukwa chimene ndimayang'ana kukhomo ndisanayankhe funso la ndale, m'nyumba mwanga momwe.

Palinso china chimene timaiwala tikamawerenga za nkhokwe zodzaza. Amayi anabereka ana asanu ndi anayi, tinakula asanu. Awiri anapita ndi chikuku m'mwezi umodzi, wina ndi malungo, wina sanakwanitse ngakhale sabata. Kumanda kwathu kuli mbali ina ya timitumbira tating'onoting'ono, ndipo masiku amenewo zinkaoneka ngati ndi mmene moyo umakhalira. Mlongo wanga wamkulu analekera Sitandade 3 chifukwa fizi sinkakwanira tonse, ndipo posankha ankasankha mnyamata. Ine ndinaphunzira chifukwa iye anasiya. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, iye ndi amene anali woyamba m'mudzi kukokera ana ake onse kukalembetsa, ngakhale ankakaphunzirira pansi pa mtengo. Lero mdzukulu wake wamkazi ndi namwino, ndipo zidzukulu zanga zinayi zonse zili moyo.

Kalata ya mabishopu a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndinali ndikugwira ntchito ku Blantyre. Ndimakumbuka mmene mtima unagundira pomva zinthu zimene tinkanong'onezana zikutchulidwa mokweza paguwa. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, ndinaponya voti yanga ku nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri. A malume anaponya kwa tambala wakuda, wa ofuna chipani chimodzi, monga anachitira ambiri m'chigawo chapakati, ndipo sitinakanganepo za izo. Iwo ankaopa nkhondo ngati imene inathamangitsira anthu a ku Mozambique kwathu kuno, amene tinawaona ndi maso akumanga zisakasa m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu. Mantha awo anali ndi pogwira. Ine ndinkaganiza za ng'ombe yadothi ija.

Pamene a malume anatsegula pakamwa, mawu awo anali otsika, ngati kuti tikadali mu 1972.

"Zija zinali zoipa, mphwanga. Tinaona, koma tinangokhala. Amako okha ndi amene analimba mtima."

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Anandiuza zimene sindinazidziwe kwa zaka zoposa 50. Usiku womwe uja, anthu atabalalika, amayi anatuluka ndi lichero la ufa ndi bulangete imodzi mwa ziwiri zimene bambo anabwera nazo ku Wenela, n'kukalipeza banjalo litabisala m'munda wa nthochi kudambo. A malume ndi amene anawaperekeza, atanyamula mwana wamng'ono wa banjalo kumsana, mpaka pa njira yolowera kumalire. Anabwerera tambala asanalire, ndipo sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti bulangete ija inabedwa pa chingwe.

Anatinso chiletso chitachotsedwa mu 1993, mnzanga uja anabwera kumudzi kamodzi, ali bambo wandevu. Anaima nthawi yaitali pansi pa mtengo wapichesi, kenako anapita kukagwada pakhomo pa amayi n'kuwapatsa chitenje chatsopano. Anafunsa za ine, anamuuza kuti ndili ku Blantyre. Amayi anamwalira osandiuza, koma chitenjecho ndikuchikumbuka, chinali chobiriwira, ankachivala popita kutchalitchi pokha.

Ndisanakwere minibasi yobwerera, ndinalemba nambala yanga ya foni papepala n'kusiyira a malume, ina n'kusiya kwa a mfumu, kuti mwina wina wa kubanja lija akadzadutsa adzamupatse. A malume anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la chikhotho. Za sukulu ndidzakamba m'gawo lotsatira.