Utsi wam'mawa pa Subaru

Abale a ma Subaru WRX, musamathamangire kwa makaniko mukangoona utsi woyera m'mawa, makamaka mu June kukamazizira, imeneyo ndi nthunzi chabe ya madzi ogona mu ekizosi, injini ikatentha zimatha zokha. Koma utsiwo ukakhala wabuluu ndiye kuti oyilo akupsa, ma valve seal (timphira totchinga oyilo kuti asalowe m'masilinda) atopa kapena turbo (chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini) ikudontha, komanso injini ya Subaru, yotchedwa boxer, masilinda ake ndi ogona ndiye oyilo amatha kulowerera usiku. Inu munachotsa catalytic converter (chosefa utsi cha mu ekizosi) kuti galimoto izilira ngati ya mpikisano, fungo la petulo lija musadabwe nalo, injini yozizira imamwa mafuta ambiri. Koma woyera wosatha, madzi mu radiyeta akuchepa, aaa imeneyo ndi head gasket (chomata pakati pa mutu wa injini ndi masilinda) yawonongeka achimwene, konzani thumba.