Stephen Keshi: wotchinga kumbuyo amene ankakhulupirira anyamata akwawo

Usiku wa pa 10 February 2013 ndinaonera ndime yotsiriza ya Africa Cup of Nations m'kanyumba koonetsera mpira kodzaza thothotho, ndipo Sunday Mba atamwetsa chigoli chimene Nigeria inagonjetsera Burkina Faso 1-0 ku Johannesburg, mkulu wina amene tinakhala naye pa benchi anafunsa kuti mnyamatayo amasewera timu iti ya ku Ulaya. Sankasewera ku Ulaya. Anali wa mu ligi ya kwawo komweko, ndipo amene anamukhulupirira ndi mphunzitsi Stephen Keshi.

Keshi, amene anabadwa mu 1962, anali wotchinga kumbuyo wa thupi ladzitho komanso wa mawu olamula, n'chifukwa chake ankamutcha Big Boss. Atachoka ku New Nigeria Bank anakasewera ku Abidjan, kenako mu 1986 analowera ku Belgium, koyamba ku Lokeren, pambuyo pake ku Anderlecht kumene anatenga ligi mu 1991 asanapite ku Strasbourg. Mu 1994 ananyamula chikho cha Africa ngati kaputeni, Nigeria itagonjetsa Zambia 2-1 ku Tunis, Zambia imene inali itangomangidwanso pambuyo pa ngozi ya ndege ya mu 1993.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi uphunzitsi wake. Anatengera Togo ku World Cup ya 2006 koyamba m'mbiri ya dzikolo, koma timuyo italephera pa chikho cha Africa kumayambiriro kwa chakacho anamuchotsa, ndipo ku World Cup ya ku Germany kunapita mphunzitsi wina, Otto Pfister, kukadya zimene sanalime. Ataphunzitsako Mali, anapatsidwa Nigeria mu 2011, ndipo kumeneko ndi kumene diso la munthu amene anathera moyo wake akuonera bwalo lonse kuchokera kumbuyo linaonekera. Pokonzekera mpikisano wa 2013 anasiya osewera otchuka Peter Odemwingie ndi Obafemi Martins, anthu n'kumalalata, ndipo mpikisano uli mkati anakhazika pa benchi kaputeni wake Joseph Yobo n'kuika pakati pa otchinga Godfrey Oboabona wa ku Sunshine Stars ndi Kenneth Omeruo wa zaka 19 zokha. Mphunzitsi wamantha sakanayerekeza, chifukwa kumbuyo ndi kumene kulakwitsa kamodzi kokha kumachotsetsa munthu ntchito. Komatu awiriwo anapirira Didier Drogba ndi anzake pamene Nigeria inatulutsa Côte d'Ivoire 2-1. Chikhocho chinamupanga munthu wachiwiri, pambuyo pa Mahmoud El-Gohary wa ku Egypt, kuchitenga ali wosewera komanso ali mphunzitsi.

Ife a ku Malawi tinamuona pafupi. Mu June 2012 Flames inafanana mphamvu ndi anyamata ake 1-1 pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, koma mu September 2013 anatithira 2-0 ku Calabar, atakangana poyera ndi mphunzitsi wathu wa nthawiyo, Tom Saintfiet wa ku Belgium, amene ankafuna kuti masewerowo asunthidwe chifukwa cha chitetezo. Mawu amene Keshi anayankhula pa mkanganowo anapyola muyezo, ndipo sindingawaikire kumbuyo, ngakhale kuti dandaulo lake lakale, loti mabungwe a mpira amanyoza aphunzitsi akwawo, linali ndi maziko: iye mwini ankatha miyezi osalandira malipiro.

Pa World Cup ya ku Brazil mu 2014 anafikitsa Nigeria mu ndime yachiwiri, kumene France inawatulutsa 2-0, ndipo mu 2015 anachotsedwa ntchito. Anamwalira ku Benin City mu June 2016 ali ndi zaka 54, patangopita miyezi isanu ndi umodzi chimwalirire mkazi wake.