Mmene tinasandutsira kusankha matayala a galimoto zaliwiro kukhala ntchito yathu

Bizinesi yathu inayamba ngati malo ang'onoang'ono omatira matayala ndi kupopa mpweya, ndipo makasitomala athu ambiri anali eni galimoto wamba amene ankangofuna tayala lolowa pa limu, lokhalitsa komanso losaboola m'thumba. Zinthu zinasintha pamene eni galimoto zaliwiro anayamba kutifikira mmodzimmodzi, ambiri mwa iwo atagula galimoto yogwirapo kale ntchito imene matayala ake anali atatsala pang'ono kutha. Anthu amenewa ankadziwa zambiri za injini ndi za liwiro limene galimotoyo ingafike, koma pa nkhani ya matayala ankabwera ndi dzina limodzi lokha limene analimva kwa anzawo, ndipo ankafuna lomwelo basi. Tinaona kuti pamenepa pali ntchito imene ogulitsa ambiri saichita, yomwe ndi kukhala pansi ndi mwini galimoto n'kumuthandiza kusankha, choncho phindu limene tinali titasunga tinaligulira makina ovula ndi kuveka tayala mosakanda limu, kenako makina a alaimenti, oyezera ndi kuwongola kaimidwe ka mawilo.

Chinthu choyamba chimene timaphunzitsa aliyense wolowa ntchito kwa ife ndi kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala mpaka kumapeto, chifukwa anthu ambiri amalekezera pakati. Tayala lolembedwa 245/40 R18 97Y ndi lotambalala mamilimita 245, khoma lake la m'mbali ndi lotalika magawo 40 pa 100 a kutambalalako, kutanthauza mamilimita 98, ndipo limalowa pa limu ya mainchi 18. Apa m'pamene ogula ambiri amasiyira, chonsecho nambala ndi chilembo zotsalazo ndi zimene zimasiyanitsa tayala la galimoto yaliwiro ndi la galimoto wamba. Nambala 97 ikunena kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 730, pamene chilembo Y chikunena kuti linayesedwa kufika makilomita 300 pa ola. W ndi 270, V ndi 240, ndipo H ndi 210. Ena amatiuza kuti sadzathamanga kufika pamenepo, ndiye palibe chifukwa cholipirira Y. Timawayankha kuti tayala lopirira liwiro lotere limakhala lomangidwa molimba ndipo limapirira kutentha, motero kusiyana kwake kumamveka pokhota ndi pomanga mabuleki ngakhale pa liwiro la masiku onse. Kutsika pansi pa chilembo kapena nambala imene opanga galimoto analemba pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, ife sitivomera, ndipo makasitomala ena atichokerapo chifukwa cha zimenezi.

Komabe mtima wa bizinesi yathu uli pa funso limene timafunsa tisanatchule dzina la tayala lililonse, lakuti galimotoyi imayenda kuti, nyengo yotani, ndipo amaiyendetsa motani. Matayala a galimoto zaliwiro sali a mtundu umodzi. Alipo opangidwira msewu wa tsiku ndi tsiku, wouma kapena wonyowa, monga Michelin Pilot Sport 4S, Continental SportContact 7, Bridgestone Potenza Sport ndi Pirelli P Zero, dzina limene linadziwika kwambiri mu 1987 pa Ferrari F40. Alipo ena, monga Michelin Pilot Sport Cup 2, amene amaloledwa pamsewu koma mtima wake uli pa bwalo la mpikisano: mphira wake ndi wofewa, ngalande zake ndi zochepa komanso zosazama, ndipo amagwira bwino kwambiri akatentha. Ogula ambiri amakopeka ndi gulu lachiwirili chifukwa amaliona pa galimoto ngati Porsche 911 GT3, ndipo amaganiza kuti tayala logwira kwambiri pa bwalo ndiye labwino kulikonse.

Bambo wina wa galimoto yokoka ndi mawilo akumbuyo anabwera atatsimikiza kale kuti akufuna matayala a gulu lachiwirili, ngakhale kuti galimotoyo ankapitira kuntchito tsiku lililonse, mvula ndi dzuwa lomwe. Tinagubuduza matayala awiri n'kuwaimika pamodzi patsogolo pawo, ndipo tinawapatsa kachipangizo koyezera kuzama kwa ngalande kuti ayeze okha. Analowetsa kansonga kake m'ngalande ya tayala la msewu, n'kuwerenga, kenako m'ngalande ya linalo, ndipo anayendetsa chala pa phewa lake lakunja, limene linali pafupifupi losalala. "Bambo," anatero mnyamata wathu, "madzi a pamsewu akapanda kupeza njira yotulukira pansi pa tayala, tayalalo limayandama, ndipo chiwongolero chimapepuka m'manja mwanu ngakhale mutachigwira bwanji." Anasankha matayala a msewu, ndipo phindu lathu pa malondawo linali locheperapo, koma anzawo amene anawatumiza kwa ife pambuyo pake analipira kusiyanako kangapo.

Chitsanzo chimene timakonda kupereka pa nkhaniyi ndi cha Toyota GT86, imene inatuluka mu 2012 itavala Michelin Primacy HP a 215/45 R17, matayala amene ankapezekanso pa Prius, galimoto wamba ya Toyota yopangidwira kusamwa mafuta ambiri. Akatswiri a Toyota anachita zimenezi dala, pofuna kuti galimotoyo izisewera pang'ono kumbuyo pa liwiro losaopsa ndipo woyendetsa azimva bwino pamene tayala layamba kutsetsereka. Mwini GT86 akaveka matayala otambalala ndi omata kwambiri, galimoto imakhota mwachangu ndithu, koma khalidwe limene anaigulira limazimiririka, ndipo tsiku limene matayalawo adzasiye kugwira, adzatero pa liwiro lalikulu komanso mwadzidzidzi. Pali amene amafuna kusinthako ndipo timawavekera mosangalala, bola adziwiretu chimene akupereka posinthanitsa.

Galimoto zina sizipatsa munthu ufulu wambiri chotere. Porsche 911 Carrera S ya m'badwo wa 992 imavala 245/35 pa limu ya mainchi 20 kutsogolo ndi 305/30 pa limu ya mainchi 21 kumbuyo, chifukwa injini yake ili kumbuyo kwenikweni ndipo kulemera kwambiri kuli komweko. Opanga galimoto zotere amagwirizana ndi opanga matayala kuti awapangire mtundu wawowawo, ndipo amauika chizindikiro: Porsche imagwiritsa ntchito chilembo N, BMW nyenyezi, Mercedes-Benz MO, pamene Audi imalemba AO. Matayala awiri a dzina limodzi ndi kukula kumodzi akhoza kusiyana mkati ngati limodzi lili ndi chizindikiro chotere ndipo linalo lilibe. N'chifukwa chake sitisakaniza mitundu pa ekiselo imodzi, ndipo pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi timalimbikira kuti onse asinthidwe pamodzi, popeza tayala latsopano likayenda ndi lakutha, kusiyana kwa kukula kwake kumavutitsa zitsulo zogawa mphamvu ya injini.

Nkhani ya zaka za tayala ndi imene inasankha kayendetsedwe ka sitoko yathu. Kuyambira chaka cha 2000, nambala zinayi zomaliza pa mzere woyamba ndi DOT zimanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, kotero kuti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Galimoto zaliwiro zambiri siziyenda kawirikawiri, ndipo zimatifika ndi matayala a ngalande zozama bwino koma mphira wake utauma ndi ukalamba, utayamba timing'alu tating'ono m'mbali. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziyezedwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Poona zimenezi, tinasiya maganizo odzaza mashelefu ndi masaizi amene amagulidwa mwa apo ndi apo. Timaitanitsa tayala munthu akasankha, ndipo timamuonetsa tsiku lake tisanaliveke. Kudikirako kumakwiyitsa ena, koma ndalama zathu sizigona pa katundu wokalamba.

Nambala ya treadwear, yosonyeza kuchedwa kutha kwa mphira wa tayala, yochokera ku dongosolo la ku America, timaitenga mosamala, chifukwa kampani iliyonse imayeza yokha matayala ake, ndipo 300 ya kampani ina silingana kwenikweni ndi 300 ya kampani inzake. Chikalata cha European Union chomatidwa pa tayala latsopano, chimene chinayamba mu 2012 n'kukonzedwanso mu 2021, chimatithandiza kwambiri pa gawo la kagwiridwe ka tayala pamsewu wonyowa, pomwe A ndiye wapamwamba. Kwa amene amayendetsa m'nyengo yozizira, timawakumbutsa kuti mphira wa matayala a chilimwe umayamba kuuma kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7.

Tayala lakale sitilitaya tisanaliwerenge pamodzi ndi mwini wake. Likadyeka pakati, ndiye kuti mpweya unkachuluka. Likadyeka m'mapewa onse awiri, unkachepa. Likadyeka phewa la mkati lokha, vuto lili pa alaimenti, ndipo pa galimoto zotsika pansi kudyeka kumeneku sikuoneka mpaka munthu atagwada kapena galimoto itakwezedwa. Malamulo a mayiko ambiri amalola ngalande kutsika mpaka mamilimita 1.6, koma ife timayamba kukambirana zosintha zikafika pa mamilimita 3, chifukwa pamvula mtunda woimira umatalika msanga kuyambira pamenepo. Poveka timaonetsetsa kuti mbali yolembedwa Outside yayang'ana kunja, muvi wa Rotation waloza kumene wilo limazungulira, ndipo manati timamaliza kumanga ndi sipanala yoyeza mphamvu osati mfuti ya mpweya.

Lero galimoto iliyonse imene yadutsa m'manja mwathu ili ndi khadi lake, lolembedwa mtundu wa matayala, tsiku limene anapangidwa, makilomita a pa mita ndi miyezo ya alaimenti. Mwini wake akabweranso, timayeza ngalande n'kuyerekeza ndi zimene tinalemba, ndipo kuchokera pamenepo timatha kumuuza ngati mtundu umene anasankha ukugwirizana ndi kayendetsedwe kake kapena ngati ulendo uno ayesere wina wolimbirapo mphira.