Bwalo la ndege la ku St Helena ndi doko lathu la ku Nsanje

Tsiku lina madzulo, dzuwa la kuno ku Nsanje litayamba kuzizira, ndinaperekeza amalume anga kumtsinje kukagula nsomba, ndipo tinadutsa padoko lija limene linatsegulidwa mu Okutobala 2010. Khoma lake la konkire likadali chiimire, koma zimene zimaoneka pamadzipo ndi mabwato a asodzi basi. Amalume anaima n'kundifunsa kuti, "Kodi mphwanga, kuli dziko linanso limene linathirapo ndalama zochuluka chonchi pa chinthu, kenako n'kumangodikira zimene sizikubwera?" Ndinawayankha kuti, "Lilipo amalume, ndipo si losauka ngati lathu." Ndinkaganiza za Britain ndi kachilumba kake ka St Helena.

Chilumbachi chili pakati pa nyanja ya Atlantic, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa, ndipo chili ndi anthu pafupifupi 4,500 okha. Ambiri amachidziwa chifukwa n'kumene Napoleon, yemwe ankalamulira dziko la France, anasungidwa ukaidi kuyambira 1815 mpaka imfa yake mu 1821, ngakhale ife a mbali ino ya Africa tiyenera kukumbukiranso kuti mfumu Dinuzulu ya Azulu inatumizidwa komweko mu 1890. Kwa zaka zambiri, njira yofikira kumeneko inali sitima ya pamadzi yotchedwa RMS St Helena, imene inkayenda masiku asanu kuchokera ku Cape Town.

Boma la Britain limapereka thandizo la ndalama ku chilumbachi chaka ndi chaka, ndipo linaganiza kuti likamanga bwalo la ndege, alendo odzaona malo adzachuluka mpaka chilumbacho chidzayamba kudziimira pachokha. Mgwirizano womanga bwalolo unasainidwa mu 2011 ndi kampani ya ku South Africa ya Basil Read, ndipo ntchito yake inali yoopsa ndithu, pakuti anachita kukwirira chigwa chathunthu ndi miyala kuti papezeke malo osalala oterapo ndege. Ndalama zonse zinafika mapaundi 285 miliyoni. Mukazigawa kwa anthu a pachilumbapo, aliyense, ngakhale khanda la kumsana, akanalandira mapaundi oposa 60,000.

Mu Epulo 2016, ndege yaikulu ya mtundu wa Boeing 737 itapita kukayesa bwalolo, inavutika kutera chifukwa cha mphepo imene imasintha mphamvu ndi kolowera mwadzidzidzi pafupi ndi matanthwe a kumeneko. Mwambo wotsegulira unaimitsidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho, komiti ya nyumba ya malamulo ya Britain yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma inadzudzula kwambiri unduna umene unayendetsa ntchitoyi chifukwa chosafufuza za mphepoyo isanayambe, pamene katswiri wa sayansi Charles Darwin anali atalemba kale za mphepo ya pamalowo atafikako mu 1836. Ndege zonyamula anthu zinayamba kuyenda mu Okutobala 2017, ndipo inali ndege yocheperapo ya kampani ya Airlink, yochokera ku Johannesburg kamodzi pa sabata.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Chikonzero chonse chinatsamira pa chiyembekezo chakuti chiwerengero cha alendo chidzakwera kufika pafupifupi 29,000 pa chaka pofika 2042, koma ndege imodzi yaing'ono pa sabata singabweretse khamu lotero, ndipo tikiti yake ndi yokwera mtengo moti mlendo wamba amasankha kupita kwina. Anthu a pachilumbapo amene anamva malonjezo n'kukonza nyumba zogona alendo kapena malo odyera ndiwo anasenza mtolo wa kudikira, osati akuluakulu a ku London amene anawerengera alendowo papepala. Boma la chilumbacho linaikanso ndalama zake pa hotela ku Jamestown, likulu la chilumbacho, ndipo thandizo la chaka ndi chaka lochokera ku Britain, limene bwalolo linkayenera kulithetsa, likupitirirabe. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo alendo amene sanagule tikiti ndi fodya wa pachala.

Sindikunena kuti bwalolo n'lopanda ntchito, monga ankalinenera atolankhani ena a ku Britain. Wodwala kwambiri tsopano amatengedwa pa ndege kupita ku South Africa m'malo modikira sitima, ndipo aliyense wa kuno ku chigwa amene anaonapo mayi wapakati akuwolotsedwa pabwato madzi atasefukira akudziwa kulemera kwa zimenezi. Chimene ndikutsutsa n'chakuti boma linalungamitsa ndalamazo ndi phindu la alendo, funso loyamba lenileni, lakuti kodi ndege ingatere bwinobwino, lisanayankhidwe mokwanira.

Doko lathu linamangidwira katundu osati alendo, koma matenda ake ndi omwewo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika analitsegula pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, pamene Mozambique, dziko limene Shire ndi Zambezi amadutsamo popita kunyanja, inali isanavomereze kuti zombo ziziyenda popanda kafukufuku wokwanira. Bwato la feteleza limene linkayembekezeka tsikulo linagwidwa m'njira ndipo silinafike.

Komabe m'chigwa chomwechi tili ndi chitsanzo cha ntchito yokopa alendo imene inayambira kumutu. Bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks litatenga nkhalango ya Majete mu 2003, linayamba ndi kuteteza malowo ndi kubwezeretsa nyama zimene zinatha, zipembere, njovu, kenako mikango mu 2012, ndipo alendo anayamba kubwera chifukwa choona chinalipo. Ndikamamva anthu akukamba zoti dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, lingatibweretsere alendo odzaona mbalame, ndimavomereza ndi mtima wonse. Koma ndisanaombere m'manja nyumba yogona alendo yomangidwa ndi misonkho yathu, ndikufuna ndione kaye msewu wa ku East Bank ukudutsika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pakuti mlendoyo adzadzera momwe amadzera mlimi wa mpunga wa ku Muona.