Chidindo cha chala changa pa galasi

Mu Okutobala ndinajambula amayi anga aakulu pakhonde la nyumba yawo ku Ndirande, pogwiritsa ntchito njira yakale yojambula zithunzi pa galasi lonyowa, yotchedwa wet plate, imene Mngelezi Frederick Scott Archer anailengeza m'chaka cha 1851. Wojambula amathira mankhwala omata otchedwa collodion pa galasi, n'kuliviika m'madzi a silver nitrate, amene amachititsa kuti galasilo lizitha kugwira kuwala, kenako amajambula ndi kutsuka chithunzicho galasilo lisanaume, ndipo zonsezi ziyenera kutheka pasanathe mphindi 15. Kutentha kwa mwezi umenewu kuno ku Blantyre kumafupikitsa nthawiyo, chifukwa mankhwala a ether amene ali mu collodion amauluka msanga, motero tsikulo galasi linayamba kuuma m'mbali ndisanathire mankhwala otulutsa chithunzi.

Chithunzicho chinatuluka ndi mzere wokhotakhota m'munsi, pamene mankhwala anayenderera mosalingana, komanso chidindo cha chala changa pakona pomwe ndinagwira. Amayi aakulu atachiyang'anitsitsa anandifunsa kuti, "Mwanangu, kodi galasili sunalipukute?" Ndinawafotokozera kuti ndinalipukuta bwino lomwe, koma zilema zimenezi ndi umboni wakuti chithunzicho chinapangidwa ndi manja, masana otentha aja, pakhonde lomwelo, ndipo palibenso china chofanana nacho. Ndimazikonda monga ndimakondera mbiya youmbidwa pamanja, imene kukamwa kwake sikukhala kozungulira ndendende.

Komabe pali chizolowezi chimene chimandiwawa mumtima. Ojambula ena masiku ano amawaza fumbi dala pa galasi, kapena kugwedeza dzanja pothira mankhwala, kuti chithunzi chioneke chachikale. Kawirikawiri amatchula Julia Margaret Cameron, wojambula wa ku Britain amene anayamba kujambula kumapeto kwa 1863 ndipo ankadzudzulidwa chifukwa cha zithunzi zosaoneka mwakuthwa ndi zamathothomathotho. Koma ine ndikayang'ana ntchito ya mayiyu ndimaona munthu amene mtima wake wonse unali pa nkhope ya wojambulidwayo, ndipo mathothowo anangobwera m'njira. Chilema chochita kufuna chimakokera maso kwa wojambula, pamene munthu amene anakhala duu kwa masekondi angapo osagwedezeka amaiwalika.

N'chifukwa chake ndimalolera mzere kapena kadontho m'mphepete, koma osati pa nkhope. Collodion amaona kuwala kwa buluu, koma zofiira ndi zachikasu amazidetsa, kotero khungu lathu limatuluka loderapo, makwinya amazama, ndipo chitenje chofiira cha amayi aakulu chinaoneka chakuda bii. Nkhope yotero imakhala yasenza kale zambiri, ndipo kuyiwonjezera zipsera kungakhale kuchotsera ulemu munthu wamkulu. Galasi loyamba la tsikulo linali ndi kadontho pansi pa diso lawo lamanzere, ndipo ndinalifufuta osawaonetsa.

Lachiwirilo, la chidindo cha chala lija, ndinalipaka vanishi wa utomoni wa sandarac wosakaniza ndi mafuta a lavender, ndipo tsopano lili pa kabati m'chipinda chawo chochezera. Alendo akabwera, amayi aakulu amawalozera pakona paja n'kuwauza kuti chalacho ndi cha mwana wa mng'ono wawo.