Njinga yanga ya makala

Inde, ndinagwa. Tivomerezane kaye pamenepo kuti musiye kundiimbira usiku. Ndinagwa pa Kamuzu Road Loweruka m'mawa, pamaso pa akabaza, amayi a mandasi, ndi minibasi ya ku Lilongwe imene dalaivala wake anachita kuzimitsa injini kuti aonerere bwino. Zimenezo sindikukana. Chimene ndikukana ndi kanema mukutumizirana pa WhatsApp uja, chifukwa wojambulayo anayambira pakati, ndipo zoti ndinalira n'zabodza. Linali thukuta. Kuno n'ku Salima.

Felemu ija ndinaiwoda pa intaneti mu Okutobala 2023, kuchokera ku fakitale ina ya ku China. Yakuda bii, yopanda dzina, madola 400 ndi kena kake. Musaseke, amene amagula zokhala ndi dzina lalikulu pa chitoliro amalipira kangapo kuposa pamenepo, chonsecho nazonso zambiri zimapangidwa konko ku China ndi ku Taiwan. Ine ndinangochenjera. Patatha milungu 7 ndinakaitenga ku Lilongwe, nditalipira msonkho umene sindiutchula pano chifukwa mayi a kunyumba nawonso ali ndi foni. Kondakitala ataona kukula kwa katoni anayamba kale kuwerengera mtengo wa katundu, koma atainyamula anangoti, “Madala, akuberani. Mulibe kanthu umu.”

Kunyumba zinali chimodzimodzi.

“Abambo, njingayo ili kuti?”

“Ndi imeneyi.”

“Matayala?”

“Abwera.”

“Chishalo? Tcheni? Keliyala?”

Ndinafotokoza modekha kuti njinga yampikisano siikhala ndi keliyala, ndipo iyi si yachitsulo, ndi ya kaboni: timaulusi tosalala tolimba kwambiri, toyalidwa m'chikombole pamodzi ndi guluu wa epoxy, n'kuwotchedwa mpaka kuuma gwa. Mayi anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, “Kaboni si makala aja tinkaphunzira ku sekondale? Ndiye ndalama zonse zija mwagula njinga ya makala? Bola ya anzanu imabwera ndi matumba ake.” Dzina linamera pamenepo, ndipo ndikudziwa kuti amene anakuuzani ndi iwowo.

Ogulitsa analemba kuti felemu imalemera kilogalamu imodzi. Ndinakaiyeza pa sikelo ya venda wogula mtedza, inaonetsa magalamu 600. Ndinasangalala tsiku lonse mpaka nditakumbukira kuti ndi sikelo ya venda.

Pajatu mu Novembala kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti, ine ndisanagule ngakhale nati imodzi. Felemu inakhala pa msomali kuchipinda miyezi inayi, ine ndikutolera ziwalo zake chimodzichimodzi ngati lobola: malimu mwezi uno, magiya a Shimano Tiagra ogwirapo kale ntchito mwezi winawo, matayala owonda ngati chala, 700 x 28, mwezi wotsatira. Usiku ndikadzuka ndinkaiona ili pakhoma ikundiyang'ana.

Zonse zitakwana ndinapita nayo kwa makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango, munthu amene wakonza njinga za akabaza kuyambira ine ndili pa sukulu. Anaigogoda ndi sipanala, n'kuika khutu. “Bwana, iyi ndi ndowa.” Atasuzumira pa bowo la mapedulo anapeza kuti mulibe mazinga opotokolera, chifukwa felemu zoterezi zambiri mabering'i ake amachita kukanikizidwa, mtundu umene amautcha BB86. Iye anangogwedeza mutu n'kutola hamala. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. “Musaope bwana, ikasweka tiwotcherera.” Anthu inu, kaboni sawotcherera. Ikang'aluka yang'aluka. Ndipo pa kakhosi kogwira mahandulo analemba 5 Nm, kutanthauza kuti umange pang'ono chabe, pamene makaniko wathu chiphunzitso chake n'chakuti nati imamangidwa mpaka ilire. Ndinalanda mwana wanga n'kubwerera kunyumba. Mabering'i ndinawalowetsa ndekha ndi bawuti yaitali ndi mawashala, ndipo analowa bwinobwino, koma zimenezo palibe anajambula.

Tsopano tifike pa nkhani ya ulusi, imene ena mwaimva mopotoka.

Njinga zambiri zampikisano za masiku ano mawaya a magiya ndi a mabuleki sadutsa kunja. Amalowa pa kabowo pafupi ndi mahandulo, n'kuyenda mumdima m'kati mwa felemu, kukatulukira pa kabowo kena kumbuyo, kakang'ono ngati diso la usipa. Felemu zodula zimabwera ndi timapaipi tolondolera waya. Yanga inabwera ndi chimodzi chokha, ndipo ndinachisolola tsiku loyamba poganiza kuti ndi zinyalala. Masiku atatu ndinakhala ndikulowetsa waya, kumumva akukanda m'kati, akufika pa bowo, n'kulidutsa ngati sakulidziwa. Pa YouTube azungu amachita mophweka: amalowetsa ulusi mbali ino, mbali inayo n'kuukoka ndi makina opopa fumbi, ukatuluka amamangirira waya n'kukoka. Makina opopa fumbi ku Salima kuno ndikanawapeza kuti? Ife fumbi timakhala nalo mwamtendere. Komanso magetsi anali atazima. Ndiye ndinaganiza ngati munthu wophunzira: makinawo ntchito yake ndi kuyamwa basi. Pakamwa ndili napo.

Inali cha m'ma 11 koloko usiku, kukutentha moti ngakhale udzudzu unkauluka mwaulesi. Ndinatuluka pa khonde chifuwa chili pamtunda, nditangomanga chitenje cha mayi m'chiuno. Ndinayatsa kandulo. M'kabokosi kosokera ndinapeza ulusi umodzi wokha wokwanira, wofiira. Mabowo ena onse ndinawamata ndi selotepu kuti mpweya usathawe. Ndinagwada, felemu ndinaigoneka pa mphasa miyendo yake iwiri yakumbuyo italoza kumwamba ngati nyanga, ndinaika milomo pa kabowo, n'kuyamba kuyamwa.

Kukoma kwake sindingakufotokozereni. Fumbi la ku China, guluu, ndi kena kake ngati tayala lopsa. Ndipo felemu ya kaboni ndi yamphako, imalira. Ndikayamwa inkati vuuu, ndikapuma inkati fyoo, ngati badza la malipenga. Agalu a kwa aneba anayamba kuyankha. Ine osasiya. Kuyamwa, kugwedeza felemu, kuinong'oneza kuti “tuluka, tulukatu iwe,” kuyamwanso, maso atatuzuka, misozi ili mbwembwembwe.

Chimene ndinaiwala n'chakuti apongozi anga aakazi anali atabwera madzulo omwewo kuchokera kwa Khombedza, ndipo anagona kuchipinda cha ana. Munthu wamkulu usiku amatuluka.

Ndinangomva chitseko chikuti kwee. Nditakweza maso, apongozi ali chilili, tochi m'manja. Taganizani zimene anaona mayi wa mvano ameneyu: mkamwini wawo, pakati pa usiku, wovala chitenje cha mwana wawo, atagwadira chinthu chakuda cha nyanga ziwiri, kandulo ili pambali, akuchiyamwa ndi kuchilankhula. Ife ndi apongozi timapatsana ulemu wotalikirana, sitiyang'anana m'maso nthawi yaitali. Usiku umenewo tinayang'anana mokwanira zaka zonse za ukwati wanga.

Ndipo nthawi yomweyo ulusi unatuluka. Masiku atatu ukukana, unasankha mphindi imeneyo, ndipo sunaime pa milomo, unapitirira mpaka kukhosi. Ndinafuna kupereka moni koma ndinangotsokomola. Ndinayamba kuusolola m'kamwa, wofiira, wonyowa, kusolola, kusolola, ngati sing'anga akuchotsa matenda. Mwachimwemwe changa, m'malo moti ndifotokoze, ndinaukweza m'mwamba n'kunena kuti, “Amayi, watuluka!”

Apongozi anangoti, “Zikomo, bambo. Pitirizani.” Anabwerera m'nyumba chambuyo, kumene ankapita kuja osapitako. Ndinamva akukankhira tebulo kuchitseko.

M'mawa anakwera kabaza tiyi asanapse. Lamlungu lotsatira kunyumba kunafika akulu a mpingo awiri, ati akungodutsa. Anakhala maola awiri, anakana mpando woyandikana ndi felemu, ndipo pemphero lotsekera linatchula kangapo za anthu ofuna kulemera mwachidule. Ine kulemera! Munthu amene ndinali nditatsala ndi mawaya ena atatu oti ndiyamwe. Amenewo ndinayamwira kubafa, masana, chitseko chokhoma.

Zotsala ndidutsa mwachangu. Chitoliro cha foloko chimabwera chachitali, umadula wekha. Ndinayeza kawiri, ndinadula ndi sowo kamodzi, chinafupika ndi sentimita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake mahandulo ali pansi kwambiri, ndipo ndikakwera ndimaoneka ngati ndikufunafuna ndalama yogwa. Akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France amakhalanso choncho, kungoti iwo amachita kufuna. Mavavu ake ndi owonda, a Presta, pampu ya pamsika siigwira, ndinadikiranso milungu iwiri kachitsulo kolumikizira. Koma itatha, abale, njinga inali njinga. Makilogalamu 8 ndi theka pa sikelo ya ku chipatala cha ziweto, osati ya venda. Ya kabaza imalemera kuposa kawiri pamenepo isanakwere munthu.

Ndiye Loweruka lija. Cholinga chinali kukafika ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20, kukajambulitsa pa mchenga njinga ili m'mwamba. Ndinavala kabudula wothina uja, amene mayi anati ndisadutse naye pafupi ndi tchalitchi, ndi nsapato zapadera. Apa mvetserani, chifukwa ndi pamene pagona chilungamo changa. Nsapato zimenezi pansi pake pali kachitsulo kamene kamalowa mu pedulo n'kuti kwatsa, phazi ndi njinga n'kukhala chinthu chimodzi. Pofuna kutsika umapotoza chidendene kunja. Aliyense padziko lapansi amene anavalapo nsapato zimenezi anagwapo tsiku loyamba. Aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu amagwera kumene kulibe akabaza.

Ndinaganiza zoyamba ndazungulira pa Kamuzu Road kuti anthu aione. Njinga inkauluka. Ndinapitirira kabaza wina amene ananyamula mayi ndi mwana ndi thumba la ufa, ndipo ndinamva kukoma ngati ndapambana mendulo. Ndikufika pa siteji, mbuzi inadumphira mumsewu, kumbuyo kwake mwini wake ndi chingwe. Ndinagwira mabuleki, ndipo mabuleki anagwira bwino kwambiri, umboni woti waya ndinayamwa bwino. Njinga inaima. Ubongo unati ponda pansi. Phazi linati sindingathe.

Sikunali kugwa kwa ngozi kumene anthu amakumvera chisoni. Kunali kugwa kwa mtengo wa papaya, pang'onopang'ono, mwaulemu, moti ndinapeza nthawi yoyang'ana mayi wa mandasi, iye n'kundiyang'ana, n'kusuntha beseni lake. Ndili m'njira yopita pansi ndinakumbukira kuti kaboni sawotcherera, pamene munthu amapola. Ndinadzipereka. Ndinagwa chagada, khu, njinga ndinaikweza m'mwamba, mapazi akadali omatirira, tayala lakumbuyo likuzungulira lokha, tyetyetyetye. Amene mukuti ndinkaoneka ngati kamba wotembenuzidwa, vomerezani kuti felemu sinakhudze pansi. Limenelo ndi luso.

Akabaza anathamanga, anthu abwino. Awiri anagwira njinga n'kukoka, ine ndinabwera nayo. Anakokanso, ndinabweranso. “Yawagwira! Njingayi yawagwira akuluwa!” Ndinkayesa kunena kuti potozani chidendene, koma mpweya unali utathawa. Kenako kumbuyo kwa gulu ndinamva mawu a mayi wina, “Si bambo a ulusi aja amenewa?” Anthu anabwerera m'mbuyo onse nthawi imodzi. Nkhani ya apongozi inali itafika kale pa Kamuzu Road ine ndisanafike.

Anandipulumutsa ndi mnyamata wogulitsa mayunitsi, amene anangomasula nsapato n'kusolola mapazi anga. Ndinaimirira ndi masokosi pa phula lotentha, nsapato zili lende pa mapedulo. Pokoka paja anapinda kachitsulo kogwira giya yakumbuyo, kamene amakapanga kofewa dala kuti kazipindika m'malo mwa felemu. Kanagwira ntchito yake. Tcheni chinalowa m'masipoko.

Ndinabwerera kunyumba pa kabaza, njinga ya makala ili paphewa. Titafika ndinafunsa za katundu, iye anainyamula ndi zala ziwiri n'kunena kuti, “Akulu, apa palibe cholipiritsa. Koma mukadzafuna njinga mudzandiuze, ndikudziwa amene akugulitsa.”

Kachitsulo kaja ndawoda kena, akuti milungu 6. Njinga yabwerera pa msomali wake. Nsapato yakumanzere ndinaichotsa, yakumanja ikukanabe, ndipo mayi ayamba kusungiramo mapegi. Apongozi anatumiza uthenga kuti chaka chino Khirisimasi adyera konko kwa Khombedza. Ku Senga Bay ndinapita ndithu Lamlungu lapitali, pa minibasi.